Shedi ya Zikuku Si Chuma cha Masiye

Maliro atatha, anthu atabalalika, mayi a mapasa anayang'ana m'nyumba mwawo n'kuona kuti amuna awo sanawasiyire kanthu. Munali mipando yothyoka misana, wailesi yolankhula pokhapokha itamenyedwa mbama, ndi ana awiri aakazi oyembekezera fizi ya sekondale. Munthu amene anawotcherera zitsulo moyo wake wonse anamwalira chitseko cha kubafa kwake chili chomanga ndi waya. Chooneka ndi maso chimene malemu anasiya chinali shedi yokha, kuseri kwa msika, ndipo shediyo mayi a mapasa ankadana nayo kuchokera pansi pa mtima.

M'shedimo ankapangiramo zikuku, njinga zija amakhalapo anthu olumala miyendo, pamodzi ndi ndodo zoyendera. Malemu anayamba ndi chikuku chimodzi cha mnzawo amene anagundidwa ndi galimoto, kenaka mtima wawo unakakamira komweko. Anasiya mageti ndi mafelemu a mawindo, ntchito yodyetsa banja, n'kukalembetsa kuboma kampani yothandiza anthu. Akufuna kwabwino ankatumiza mapaipi ndi magudumu, iwo n'kumapinda, kuwotcherera, kupenta, n'kupereka zikukuzo kwaulere. Malipiro amene kampani inkawapatsa anali oti pakati pa mwezi sankafikapo.

Kunja anthu ankati bamboyo ndi munthu wa Mulungu. Kunyumba mkazi wawo ankati shediyo ndi mkazi mnzawo, ndipo wapamtima ndi iyoyo. Ngakhale makushoni a zikukuzo ankasoka ndi iwo, pa makina awo, ndi ulusi wawo, malipiro ake zikomo, chonsecho zikomo sagulira sopo. Dzina lawo linalinso m'komiti yoyendetsa kampani. Malemu ndi amene analiikamo, pamodzi ndi la aphunzitsi ena opuma amene anali wapampando, namwino wa kuchipatala, ndi bambo wina wosoka nsapato amene ankayendera chikuku. Pa misonkhano mayi a mapasa ankathira tiyi, ndipo anzawo akakweza manja iwonso ankakweza. Mumtima ankadzitonthoza kuti dzina likakhala pa pepala la kampani ndiye kuti gawo lilipo, ndipo tsiku lina gawolo lidzapukuta misozi yawo.

Misozi isanaume kunabwera mng'ono wawo wa malemu, amene anthu ankangomutchula kuti a Mageti chifukwa cha ntchito yawo. Nawonso anali mmisiri wa zitsulo, koma wodziwa kumene kuli phindu. Zaka zonse ankaseka mkulu wawo kuti ndi m'busa wopanda mpingo, ndipo m'shedimo anali asanapondemo. Tsikulo anafika kunyumba kwa mayi a mapasa ndi buledi ndi shuga, mawu ali ofewa ngati a namwino.

"Alamu, chibale ndi fupa, sichiola," anatero atakhala pa mpando umene unali wabwinoko. "Ana awa ndi anga tsopano. Achimwene anadyetsa dziko lonse, n'kuiwala nyumba yawo yokha. Makina aja achita dzimbiri, mapaipi angounjikana. Ndipatseni makiyi ndizipanga mageti, phindu tizigawana. Inu ndinu mkazi wa mwini wake, dzina lanu lili m'komiti. Ndani angakuletseni kudya thukuta la amuna anu?"

Anali mawu amene mayi a mapasa ankadziuza okha kwa zaka, kungoti tsopano anatuluka pakamwa pa munthu wina. Makiyi anatuluka m'thumba la diresi mosavuta. Aphunzitsi apampando atamva, anangoti si bwino kuvutitsa mayi wamasiye ndi misonkhano, adikire kaye mitima ikhale pansi. Anali munthu wabwino aphunzitsiwo, koma woopa mkangano ngati njoka, ndipo kudikira kwawoko kunadya miyezi.

A Mageti sanadikire kanthu. Mapaipi amene anabwera kudzakhala zikuku anasanduka mageti a nyumba za anthu olemera. Magudumu anawamanga ku ngolo zokankha n'kugulitsa kwa onyamula katundu a mumsika, amene anazikonda chifukwa zinkayenda mopepuka. Mmisiri wamkazi amene malemu anamuphunzitsa ntchito atafunsa kuti nanga anthu odikira zikuku aja bwanji, anauzidwa kuti khomo ndi ilo. Chikwangwani cha kampani chokha a Mageti anachisiya pakhomo, chifukwa ogulitsa zitsulo akachiona ankatsitsa mtengo. Anthu olumala ankabwerabe, ena ataberekedwa kumsana ndi abale awo, ndipo yankho linali limodzi: bwerani mwezi wamawa.

Mwezi ukatha a Mageti ankabweretsa kanthu kokulunga m'pepala. Mumphika munayamba kulowa nyama, mapasa anavala nsapato zatsopano, ndipo kusukulu anasiya kuwabweza. Kunena zoona, mayi a mapasa sanamve chisoni. Anamva kukoma kumene amamva munthu wolipsira. Ankati kwa nthawi yoyamba shedi ija yakumbuka kuti malemu anali ndi banja.

Tsiku lina m'mawa, mvula itagwa, anadutsa msewu wa mumsika akupita kogula ulusi. Pakhonde la sitolo ina panali pamene bambo wosoka nsapato uja ankagwirira ntchito. Mayi a mapasa anali atayamba kuzemba njira imeneyo, koma tsikulo njira inayo inali itadzaza madzi. Anamupeza akufika kumene. Chikuku chake anachisiya ku shedi sabata imene malemu anayamba kudwala, chitsulo cha pansi chitang'ambika, ndipo chichokereni apo ankayenda ndi manja. Anavala mapatapata akale m'manja, n'kumadzikoka m'matope pakati pa miyendo ya anthu, mkazi wake akutsatira pambuyo ndi bokosi la zipangizo pamutu. Atakwera pakhonde anavula mapatapatawo, napukuta manja pa chiguduli, n'kupereka moni mwaulemu ngati palibe chachitika.

"Mwadzuka bwanji, mayi a mapasa? Taimani pang'ono, pali chimene ndikufuna muone."

Sanadikire nthawi yaitali. Kumtunda kwa msewu kunatulukira ngolo yodzaza matumba a makala, mnyamata wamkulu ndithu akuikankha uku akuimba mluzu. Gudumu la chikuku silisowa: kunja kwake kuli mkombero wachiwiri wogwira ndi dzanja poyendetsa. Pa ngolo mkomberowo unalibe ntchito, unkangozungulira. Koma mikombero ya ngolo imeneyi inali yokulungidwa ndi chikopa chofiirira, chosokedwa bwinobwino ndi ulusi wa nsapato, kuti manja asamaterereke mvula ikagwa.

"Miyendo yanga ndi imeneyo ikudutsa apo," anatero wosoka nsapato. "Lero yanyamula makala. Dzulo inanyamula simenti."

Mayi a mapasa anagwidwa ndi manyazi. Manyazi akasowa kolowera amasanduka mkwiyo, ndipo ndi zimene zinachitika.

"Bambo, inu munakhala pa chikuku cha amuna anga zaka zonsezi. Ana anga anakhala pa chiyani? Akubwezedwa kusukulu, ndani wa inu anabwera kudzafunsa? Shedi ija ndi chuma cha masiye, ndipo amasiyewo ndife."

Wosoka nsapato sanakweze mawu. Anati za njala ya ana sakutsutsa, ndipo malemu analakwadi kusiya nyumba yawo m'mene anaisiyira. Koma chikukucho chinali chake, anangopita nacho kuti chikonzedwe. Za malamulo anati sadziwa zambiri, chimene ankakumbuka n'chakuti tsiku lolembetsa kampani onse anavomera kuti palibe amene adzatengemo kanthu kupita nako kwawo.

"Inunso munakweza dzanja," anatero akulowetsa ulusi m'singano. "Dzanja linalo munali mutagwira ketulo."

Mayi a mapasa anachoka osatsanzika, ndipo ulusi uja anaiwala kugula.

Pasanapite nthawi a Mageti anapeza mwayi waukulu. Munthu wina womanga nyumba zosanja ankafuna mageti ambiri, koma anati aone kaye mapepala osonyeza mwini kampani. A Mageti anauza mlamu wawo kuti apite ku ofesi yolembetsa makampani akachotse dzina la malemu, akalembetse kuti eni ake tsopano ndi awiriwo. Iwo anati sangapite nawo, ntchito yawachulukira, komanso dzina lodziwika kumeneko ndi la mayiwo. Mayi a mapasa anasita diresi yawo yakuda, anatenga chikalata cha imfa, n'kunyamuka ndi mtima wa munthu wokatenga zake.

Ofesiyo inali pamwamba, masitepe ake otsetsereka, ndipo akukwera anadzipeza akuganiza kuti wosoka nsapato angakwere bwanji pamenepo. Anakwiya ndi ganizolo. M'kati munali benchi yaitali, fani yosazungulira, ndi mashelefu a mafayilo ofika kudenga. Amene anawalandira anali mayi wachikulire wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Anawapepesa za imfa, anamvetsera nkhani yonse osawadula, kenaka anatulutsa fayilo ya kampaniyo n'kuiika pakati pa tebulo kuti onse awiri aziona.

Anafotokoza pang'onopang'ono. Anati makampani ali mitundumitundu. Ilipo kampani yopangira phindu: eni ake amakhala ndi masheya, amagawana zimene apeza, ndipo mwini akamwalira masheya ake amalowa m'chuma cha masiye. Koma kampani ya malemu sinalembetsedwe choncho. Inalembetsedwa ngati kampani yotumikira anthu, yopanda masheya, yosagawana phindu. Anatsegula tsamba loyamba n'kuwerenga zolinga zake mokweza: kupanga, kukonza ndi kupereka zikuku ndi ndodo zoyendera kwa anthu olumala, ndi kuphunzitsa ena lusolo.

"Mawu amenewa si okongoletsera pepala, mayi," anatero. "Ndi malire. Makina, mapaipi, magudumu, ngakhale msomali wa m'shedimo, zonse ziyenera kugwira ntchito imene yalembedwa apayi. Kampaniyi ilibe mwini woti n'kumusintha dzina. Amuna anu anali woiyambitsa ndiponso wantchito wake, koma sinali yawo."

"Nanga dzina langali likutani pamenepo?"

"Dzina lanu ndi la mlonda. Wa m'komiti sapatsidwa gawo, amapatsidwa udindo woonetsetsa kuti katundu sakupatuka pa zolinga."

Mayi a mapasa anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Anati ndiye kuti zaka zonse zogona ndi njala, zaka zosoka makushoni mpaka maso kuwawa, mphoto yake ndi ulonda wopanda malipiro. Mayi wa magalasi sanawanyengerere. Anavomera kuti n'zowawa, ndipo anati si iwo oyamba kukhala pa benchi imeneyo ndi chikalata cha imfa m'manja. Kenaka anafunsa kuti pakali pano m'shedimo mukuchitika chiyani. Mayiwo akanatha kunama, koma anali atatopa. Ananena zonse: makiyi, mageti, ngolo, ndi kanthu kokulunga m'pepala kaja.

Mayi wa magalasi anavula magalasiwo, nawasiya akulendewera pachifuwa.

"Mlamu wanuyo dzina lake lili pati m'fayilo muno?"

"Mulibe."

"Ndiye mwaona chifukwa chake watuma inu. Amene anapereka mapaipi akadandaula, kapena mmodzi wa olumala aja akapita kukhoti, woyamba kufunsidwa ndi wa m'komiti amene anapereka makiyi n'kulandira phindu. Mlamu wanuyo nayenso ali ndi mlandu wake, koma amene analonjeza kusunga katunduyo ndinu. Mukhoza kulamulidwa kubweza, ndipo kampani ikhoza kutsekedwa."

Apa m'pamene mayi a mapasa anazindikira kuti agwiritsidwa fuwa la moto. Anafunsa motsitsa mawu kuti kampaniyo itatsekedwa, makinawo sangabwerere ku banja? Yankho linali lakuti ayi. Malamulo a kampaniyo ankanena kuti ikatha, ngongole zake zikalipidwa, zotsala zipite ku bungwe lina la zolinga zofanana. Ku banja la malemu sikukanapita ngakhale nyundo.

Komabe mayi wa magalasi sanawasiye m'mdima. Anati kampani yotumikira anthu siletsedwa kupeza ndalama. Ngati malamulo ake akulola, ndipo komiti yagwirizana poyera, ikhoza kugulitsa ntchito zina, ngakhale mageti amene, bola zipangizo zake zisakhale zimene zinaperekedwa kuti zikhale zikuku, ndipo phindu lonse libwerere ku zikukuzo. Ikhozanso kulipira wantchito malipiro oyenera pa ntchito yeniyeni. Zinthu zimene malemu anagula ndi ndalama zawo ndipo sanazipereke ku kampani ndi za banja, ndipo chilichonse chimene kampani iyenera kupereka wantchito wake akamwalira, banja lili ndi ufulu wochifunsa. Zolinga nazo zikhoza kusinthidwa, koma osati ndi munthu mmodzi wogwira makiyi: pamafunika msonkhano wa mamembala, kudziwitsa ofesi, ndipo ngakhale zitatero katundu wa anthu sangasanduke wa m'thumba la wina. Pomaliza anawalangiza kuti aitanitse msonkhano wa komiti msanga, akanene okha zimene zachitika, zinthu zisanawapeze.

Potsika masitepe mayi a mapasa sankalira chifukwa cha a Mageti. Ankalira chifukwa cha amuna awo. Munthu amene anagona naye m'chipinda chimodzi zaka zonsezo sanakhale nawo pansi n'kamodzi komwe kuwauza kuti, mkazi wanga, shedi iyi si yathu ndipo sidzakhala yathu. Anaika dzina lawo pa pepala monga munthu aikira mwala pa denga kuti mphepo isalitenge, osafunsa mwalawo. Chikhala kuti manda amatseguka, tsiku limenelo akanapita kukakangana nawo.

Aphunzitsi apampando atamva za msonkhano anayamba kunena zodikira, koma mayi a mapasa anawauza kuti kudikira kwawo ndiko kwayendetsa munthu ndi manja m'matope. Anakumana masana m'shedi momwemo, pakati pa mageti osamaliza, fungo la penti lili tho. Namwino anabwera atavala yunifolomu, wosoka nsapato anakhala pa thumba pafupi ndi khomo. Tiyi panalibe. Mayi a mapasa anaimirira n'kunena zimene anachita ndi zimene anamva ku ofesi, osachotsapo, osadzikometsera. Kenaka anatembenukira kwa a Mageti, amene anali atatsamira makina owotcherera, n'kupempha makiyi.

A Mageti anayamba ndi kuseka. Ataona kuti palibe akuseka nawo, anayamba kutukwana. Anati mlamu wawo wadya nyama yawo, wavalitsa ana nsapato zawo, lero akuwasandutsa mbava pamaso pa anthu achilendo. Anati mapepala a boma sadziwa magazi, ndipo thukuta la mkulu wawo silingadyedwe ndi anthu amene sanalire nawo maliro.

"Alamu," anatero mayi a mapasa, "nyama ndinadyadi, ndipo ndiibweza. Koma ku ofesi kuja munandituma ndekha mukudziwa kuti zikavuta womangidwa ndine. Mukanakhala kuti mumaganizira ana a achimwene anu, simukanatumiza mayi awo kukadzikoleka chingwe m'khosi. Makiyi."

Namwino ananena mosapsatira kuti ngati makiyiwo satuluka, nkhaniyo ipita kupolisi tsiku lomwelo. Aphunzitsi, mwina kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, anavomereza mawu olimba. A Mageti anaponya makiyi pansi, osati m'manja mwa munthu, anasonkhanitsa zipangizo zawo n'kutuluka. Pakhomo anachita kulumpha miyendo ya wosoka nsapato, osamuyang'ana.

Madzi akatayika saoleka. Mageti amene anali atamangidwa kale pa nyumba za anthu anapita, ndipo palibe akanakawazula. Komiti inakakamiza a Mageti kusainira kuti abweza mapaipi, ndipo ankabwezadi, pang'onopang'ono, paipi iliyonse ikubwera ndi chipongwe chake. Mayi a mapasa anabweza zimene analandira kwa a Mageti mwa kusoka makushoni osalipidwa kwa miyezi ingapo, ndipo nyama inatulukanso mumphika. Komiti inalembera onse amene ankathandiza kampaniyo kuwauza zoona. Ena anayamikira chilungamo n'kupitiriza kutumiza zipangizo. Mmodzi, amene ankatumiza magudumu abwino kwambiri, sanayankhe ndipo sanatumizenso kanthu.

Abale a malemu anadula phazi. Alongo awo a malemuwo, amene pa maliro analira mpaka kukomoka, anafalitsa mbiri yakuti mayi a mapasa anagulitsa chuma cha banja kwa opemphapempha. Akakumana pamsewu ankayang'ana kumbali. Mapasa anafunsa chifukwa chake azakhali awo sakuwayankha moni, ndipo mayi awo anangoti adzamvetsa akadzakula, ngakhale iwo eni, okula kale, sankamvetsa.

Koma shedi inadzuka. Mmisiri wamkazi uja anabwerera, ndipo ntchito yake yoyamba inali kuyendayenda mumsika kufunafuna ngolo za mikombero iwiri. Onyamula katundu analibe mlandu, anagula mosadziwa, choncho komiti inawasinthira magudumu wamba. Ena anadandaula kuti ngolo zalemera, koma anapereka. Chikuku cha wosoka nsapato chinawotchereredwa, magudumu ake anabwezeredwa, chikopa chija chili chakuda ndi fumbi la makala. Mayi a mapasa anachikankha okha kudutsa msewu wonse wa mumsika mpaka pakhonde paja. Bamboyo anakwera, anagwira mikombero, anayesa kutsogolo ndi kumbuyo. Sanathokoze mopitirira, ndipo mayiwo sanayembekezere. Anangoti kushoni yatha, ikumupweteka, ndipo iwo anati abweretsa ina mawa.

Ngongole yawo itatha, komiti inakambirana zolemba ntchito munthu wosoka makushoni ndi malamba. Mayi a mapasa anapempha ntchitoyo monga wina aliyense, ndipo pokambirana anatuluka panja kuti asaweruze nkhani yawo yomwe. Atawalemba, anatula pansi udindo wa m'komiti, m'malo mwawo munalowa mayi wina wa mwana wolumala. Analandiranso zimene kampani inayenera kupereka pa imfa ya wantchito wake, ndi bokosi la zipangizo limene malemu anali nalo asanayambe kampani. Komiti inavomerezanso kupanga mageti ochepa ndi zitsulo zogula padera, phindu lake n'kumagulira magudumu m'malo mwa aja anasiya kubwera. Anthu odikira anayamba kuchoka pakhomo atakhala pa zikuku, osati ataberekedwa.

Malipiro a mayi a mapasa anali ochepa, koma ankabwera poyera, ndipo ankakwanira fizi. Koma mayiwo sanafulumire kukhululukira amuna awo. Masiku ena akupalasa makina osokera pakona ya shediyo ankawakumbukira ndi chikondi, masiku ena ndi mkwiyo womwe uja. Tsiku lina mmodzi wa mapasa, akuwathandiza kupinda nsalu, anafunsa ngati shediyo idzakhala yawo iwo akadzakula.

"Ayi, mwanangu," anatero mayi ake. "Bambo ako anaisiyira anthu amene sukuwadziwa, ena mwa iwo sanabadwe n'komwe. Ndikukuuza lero ndili moyo, kuti usadzamve kwa munthu wachilendo monga ndinamvera ine."

Phunziro lake ndi ili. Kampani yolembetsedwa kuti itumikire anthu ilibe mwini. Katundu wake ndi wa zolinga zimene zinalembedwa poiyambitsa, si wa woiyambitsa, si wa mkazi wake, ndipo salowa m'chuma cha masiye. Wa m'komiti ndi mlonda, ndipo katundu akapatuka pa zolinga woyankha ndi iye. Musanakweze dzanja kapena kusaina, pemphani akuwerengereni zolingazo, ndipo musanapereke makiyi kwa aliyense, ngakhale mbale, kafunseni ku ofesi yolembetsa makampani. Ndipo inu amene mukuyambitsa ntchito zabwino zotere, khalani pansi ndi akwanu muwauze zoona mukadali moyo, muwakonzerenso chawochawo chodzatsala nacho. Si chilungamo kuti dziko lizikutamandani, mkazi wanu n'kudzamva pa benchi ya ku ofesi kuti simunamusiyire kanthu.